Ndinathira tameki, makoswe anafa, koma abwerera ochuluka: chalakwika n'chiyani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chinsapo, kuno ku Lilongwe. Akuti: "Ndimasunga matumba a chimanga m'chipinda chogundana ndi khola la nkhuku. Mu Juni makoswe anativuta kwambiri, ndiye ndinagula tameki pamsika n'kusakaniza ndi usipa wosinja. M'masiku atatu tinatola makoswe akufa oposa 20. Sabata yomweyo mphaka wathu anafa, ndipo ana anapeza kadzidzi atafa pansi pa mtengo wa mango. Aneba anati zakhala bwino, mbalame ya afiti yachoka. Koma pano mu Seputembala makoswe achuluka kuposa kale, akuthamanga ndi masana omwe. Kodi mankhwala aja anali achinyengo? Nditani?"

Mayi, mankhwala aja sanali achinyengo. Anagwira ntchito, ndipo anapitirira muyeso: anapha makoswe, n'kuphanso amene ankadya makoswewo. Chimanga, gaga wa nkhuku ndi mapanga obisalamo zinatsala momwemo. Makoswe amaswana msanga, adani awo amaswana pang'onopang'ono, ndiye pa mpikisano wobwerera pakhomo panu makoswe anafika okha.

Khoswe wa m'nyumba, uja wa mchira wautali kuposa thupi lake, wokonda kuyenda m'mitanda ya denga, akatswiri amamutcha Rattus rattus. Wamkazi amakhala ndi bere milungu itatu yokha. Amaswa ana 5 mpaka 8, ndipo pakangopita masiku ochepa atha kutenganso bere lina uku akuyamwitsa. Anawo akakwanitsa miyezi itatu nawonso amayamba kuswa. Tiyerekeze kuti tameki uja anasiya makoswe 10, aakazi 5. Aliyense akaswa kawiri pakati pa Juni ndi Seputembala, ana 6 ulendo uliwonse, ndiye kuti kwabadwa makoswe 60, ndipo oyamba kubadwa aja ali pafupi kuyamba kuswa nawonso. Pamenepo sitinawerengere ochokera kwa aneba.

M'nthawi yabwinobwino ana ambiri a makoswe safika pokula. Ena amafa ndi njala chifukwa akuluakulu amawaphangira chakudya, ena amagwidwa ndi mphaka, kadzidzi kapena njoka pa tsiku lomwe ayamba kutuluka pachisa. Inu munachotsa zonse ziwiri nthawi imodzi. Makoswe aakulu 20 atafa, otsala anapeza chakudya chambiri popanda wolimbirana naye, ndipo wowagwira panalibe. Ana amene akanafa anakula.

Apa pali mfundo yaikulu pa sayansi ya zamoyo ndi malo okhala, ndipo aliyense woweta ng'ombe amaidziwa kale ngakhale sanaiwerenge m'buku. Dambo lililonse lili ndi malire a ng'ombe zimene lingadyetse. Zikachepa, msipu umachuluka, zotsala zimanenepa n'kubereka bwino mpaka chiwerengero chibwerere pamalire aja. Zikapitirira, zimaonda, ana amafa. Pakhomo panu palinso malire otere a makoswe, ndipo amene amawaika si mankhwala ayi, koma kuchuluka kwa chakudya, madzi ndi pobisala. Ngati pakhomo pali chakudya chokwanira makoswe 80, mukapha 20 kapena 50 mwangotsegula malo. Khoswe sayenda mtunda wautali, amazungulira mamita makumi angapo kuchokera pachisa chake, koma ku Chinsapo, ku Mtandire kapena ku Area 25 komwe mipanda ndi yogundana, mamita amenewo ndi makomo anayi kapena asanu. Kuona makoswe masana nthawi zambiri ndi chizindikiro choti achuluka mpaka ofooka akusowa mpata wodya usiku.

Tsono za mphaka ndi kadzidzi.

Nyama iliyonse imadya chamoyo china. Chimanga chimatenga mphamvu ya dzuwa n'kuisandutsa ufa wa m'njere. Khoswe amadya njere, kadzidzi amadya khoswe. Kusukulu ana amaphunzira zimenezi pa dzina loti food chain, kutanthauza mndandanda wa kudyana. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti pa sitepe iliyonse mphamvu yambiri imatayika: khoswe amaiwotcha pothamanga, popuma ndi pofunditsa thupi, ina imatuluka ndi ndowe. Raymond Lindeman, wasayansi wa ku America, ndiye analongosola bwino za kuyenda kwa mphamvuku mu 1942, ndipo muyeso wachidule umene umaphunzitsidwa mpaka lero ndi wakuti gawo limodzi lokha pa magawo khumi ndi limene limakwera kufika kwa wodya wotsatira. Kwa nyama za magazi ofunda ngati khoswe limachepa kuposa pamenepo. N'chifukwa chake zodya zinzake zimakhala zochepa nthawi zonse. Dera lingakhale ndi makoswe ndi mbewa mazanamazana, koma akadzidzi ndi banja limodzi. Mukapha makoswe 20 mwangobudulako pang'ono. Mukapha kadzidzi mmodzi mwapha theka la akadzidzi a dera lonse.

Ndipo kubwerera kwake n'kochedwa. Kadzidzi wa nkhope yoyera yooneka ngati mtima, amene amakonda madenga a matchalitchi, masukulu ndi zigafa za fodya, amaikira mazira 4 mpaka 7. Amafungatira pafupifupi mwezi wathunthu, anapiye amatha miyezi iwiri asanauluke, ndipo amayamba kuswa akayandikira chaka. Ngati amene anafa pansi pa mango uja anali ndi anapiye, n'kutheka kuti nawonso anafa ndi njala, chifukwa kholo limodzi limavutika kudyetsa chisa chonse. Pamene kadzidzi wina adzapeze malowo n'kukhazikika, makoswe adzakhala ataswana mibadwo ingapo.

Kadzidzi wotereyu amalemera magalamu 300 mpaka 400, ndipo amadya makoswe aang'ono kapena mbewa zitatu kapena zinayi usiku uliwonse. Pa chaka ndi zoposa 1,000, mbalame imodzi. Banja lokhala ndi anapiye limagwira zochuluka kuposa apa. Simufunika kutikhulupirira ife, umboni wake umagwa pansi pa mtengo umene amagona. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu, mutu patsogolo. Mimba yake imagaya mnofu, koma ubweya ndi mafupa imaziumba kachibulumwa kakuda, kotalika ngati chala chachikulu, kamene amalavula pakapita maola angapo. Anthu ambiri amakayesa ndowe ya galu. Katoleni ndi pepala la pulasitiki, mukaviike m'madzi m'chitini chosagwira ntchito, kenaka mukaphwasule ndi timitengo tiwiri. Mupezamo tizigaza tiwiri kapena titatu, tili ndi mano awiri akutsogolo achikasu, opindika ngati chikwakwa, ndi tinsagwada tating'ono ngati chikhadabo. Mano achikasuwo ndi a makoswe ndi mbewa. Muwaonetse aneba aja, kenaka musambe m'manja ndi sopo.

Sitikunyoza mantha amene anthu ali nawo pa mbalameyi, tonse tinakula tikumva kuti ikalira padenga ndiye kuti kukubwera maliro. Koma zimene zimaichititsa kuoneka yachilendo zili ndi chifukwa chake. Maso ake satembenuka m'mabowo mwake ngati athu, ndiye imazungulitsa mutu wonse, mpaka madigiri 270, chifukwa khosi lake lili ndi mafupa 14 pomwe lathu lili ndi 7. Imauluka mwakachetechete chifukwa nthenga za m'mphepete mwa mapiko zili ndi timano ngati chipeso, timene timaphwanya mkokomo wa mphepo. Makutu ake sali pa mzere umodzi, lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake, ndipo nkhope yofanana ndi mbale ija imakokera phokoso kumakutuko, kotero imatha kugwira mbewa mumdima wa ndiweyani pongomva kutswatswata kwa udzu. Ikatera padenga lanu, chimene yamva ndi makoswe.

Nanga poizoni anafika bwanji kwa iye? Tameki ndi dzina lochokera ku Temik, mankhwala amene chophera chake ndi aldicarb. Anapangidwira tizilombo ta m'nthaka ndi ta mbewu, osati makoswe, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawaika m'gulu la mankhwala oopsa kuposa onse. Amasokoneza mitsempha: chinyama chimachucha dovu, chimanjenjemera, mwana wa diso amachepa ngati kadontho, kenaka kupuma kumakanika. Zimachitika m'mphindi kapena maola ochepa. Khoswe amene wadya amatuluka poyera akudzandira, timibulu ta tameki tidakali m'mimba mwake. Kwa kadzidzi ameneyo ndi ndiwo yosavuta, ndipo popeza amameza ndi matumbo omwe, wameza ndi tameki yemwe. Mphaka wanu mwina sanadye n'komwe khoswe. Nyambo ya usipa imaitana mphaka, galu ndi nkhuku msanga kuposa khoswe.

Palinso mtundu wina wa mankhwala a makoswe, aja a m'masitolo okhala ngati timabuloko ta buluu kapena tofiira. Pa paketi pamalembedwa brodifacoum, bromadiolone kapena difenacoum. Awa amalepheretsa magazi kuundana, ndipo khoswe amafa ndi kukha magazi m'kati pakapita masiku 3 mpaka 7. Masiku onsewo amapitiriza kudya nyambo, ndiye pofika tsiku lakufa ali ndi poizoni wokwanira kupha makoswe angapo. Poizoniyu amakhazikika m'chiwindi kwa miyezi. Kadzidzi akadya khoswe mmodzi wotere sangafe, koma wachiwiri, wachisanu, wakhumi, zonse zimaunjikana m'chiwindi chake. Lamulo lake ndi lomwe lija la sitepe: chamoyo chikakhala pamwamba pa mndandanda wa kudyana, chimasonkhanitsa poizoni wa onse amene chawadya. Ku India zofananako zinachitika ndi miimba m'zaka za m'ma 1990. Mankhwala a ng'ombe otchedwa diclofenac ankatsalira m'mitembo, miimba inatha ndi kuposa 95 pa 100 iliyonse, agalu oyendayenda anachuluka pa mitembo yosadyedwayo, ndipo boma linaletsa mankhwalawo pa ziweto mu 2006.

Tiyankhe tsopano funso lanu lachiwiri, loti mutani. Musagulenso tameki. Yambani ndi kudziwa mdani ali pati. Madzulo, mutasesa, wazani ufa pang'ono, wopyapyala, m'mbali mwa makoma a chipinda cha chimanga, pakhomo pa khola ndi kuseri kwa kabati. M'mawa muona mapazi, akutsogolo a zala zinayi, akumbuyo a zala zisanu, ndi kamzere kokhwekhwereza mchira pakati. Yang'ananinso m'mitanda ya denga ndi pamwamba pa khoma: pamene amadutsa tsiku ndi tsiku pamakhala poderako ndi mafuta a ubweya wawo. Ndowe za khoswe wa padenga ndi zotalika pafupifupi sentimita imodzi, zosongoka mbali zonse. Zonyezimira ndi zofewa ndi za usiku womwewo, zotuwa zofumbutuka ndi zakale. Mukatero mwadziwa misewu yawo.

Chachikulu pa zonse ndi kuwamana chakudya, ndipo ndi pamene anthu ambiri amachita ulesi chifukwa sipaoneka mitembo yoti n'kuwerenga. Khoswe amadya pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi a kulemera kwake tsiku lililonse, magalamu 15 mpaka 20. Makoswe 20 pa miyezi isanu ndi umodzi adya makilogalamu 54 mpaka 72, thumba lathunthu ndi kupitirira, osawerengera chimene aipitsa ndi mkodzo. Matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma. Ikani pa thandala la matabwa lokwera masentimita 15, ndipo pakati pa matumba ndi khoma pakhale mpata wa theka la mita woti munthu n'kudutsa ndi tsache. Khoswe amadana ndi malo oyera opanda pobisala. Paja akakhala pamkhate sapheka, ndipo mulu wa matumba wogunda khoma ndi mkhate weniweni. Ngati mungakwanitse, thirani chimanga chouma bwino m'matumba a PICS, aja a mapepala awiri apulasitiki m'kati. Salola mpweya kulowa, ndiye anankafumbwe amafa okha, komanso fungo la chimanga silituluka kwambiri. Si kuti khoswe sangawaboole, atha ndithu, ndipo likabooka ntchito yake yatha, n'chifukwa chake thandala lija likufunikabe. Mgolo wachitsulo wokhala ndi chivindikiro chothina, kapena nkhokwe yamalata, ndiye zimene dzino la khoswe limalephera.

Khola la nkhuku ndi limene tikulikayikira kwambiri pa nkhani yanu. Gaga wotsala m'modyera usiku ndi phwando. Nkhuku sizidya mumdima, choncho dzuwa likamalowa chotsani modyera ndi momwera, sesani zotayikira pansi, tolerani mazira onse. Gaga ndi chakudya cha nkhuku zikhale mumgolo wotseka. Mbale zisagone ndi makoko a nsima. Kudzala, zotsala zakudya muzikwirira ndi dothi tsiku lomwelo. Milu ya njerwa, zitsulo zakale ndi mapesi iyenera kutalikira nyumba.

Kenaka tsekani njira. Khoswe wachinyamata amalowa pabowo la mamilimita 12, pongokwana chala, ndipo timakoswe tating'ono timadutsa pamene pangalowe pensulo. Mano awo akutsogolo sasiya kukula moyo wonse, ndiye thabwa lofewa, pulasitiki, nsanza ndi dothi amangoziona ngati chonolera. Mabowo a m'khoma mutseke ndi simenti yosakaniza ndi magalasi osweka. Pa mawindo a mpweya ndi pampata wa pakati pa khoma ndi malata ikani waya wa maso osapitirira mamilimita 6. Waya wa nkhuku maso ake ndi aakulu, amangodutsa. Kunsi kwa chitseko khomani kachidutswa ka lata kuti mpata utsekeke. Nthambi za mango zimene zafika padenga zidulidwe kuti patsale mpata woposa mita imodzi, popeza khoswe uyu ndi katswiri wokwera ndi kudumpha. Amene ali ndi nkhokwe yapanja, miyendo yake italike mita imodzi, ndipo mwendo uliwonse uvekedwe lata lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi, pamwamba ndithu pomwe khoswe sangalidumphe. Koma mukatsamiritsa khasu, njinga kapena makwerero pa nkhokweyo, mwamumangira mlatho.

Mukatha izi ndiye mutchere misampha, chifukwa tsopano makoswe ali ndi njala. Apa pali kachinsinsi ka chibadwa chawo. Khoswe satha kusanza. Chimene wameza, wameza. N'chifukwa chake amakayikira chilichonse chatsopano: amachizungulira masiku angapo, kenaka amalawa pang'ono n'kudikira kuti amve m'thupi. Akadwala koma osafa, chakudya chimenecho sadzachikhudzanso. Apa mpamene pagona vuto lina la poizoni wopha msanga ngati tameki: amatenga osusuka, ochenjera amatsala, ndipo mukathiranso kachiwiri mumapha ochepa kuposa poyamba. Anthu amati mankhwala asukuluka, pomwe ndi makoswe amene aphunzira.

Choncho usiku utatu woyamba ikani misampha ili ndi nyambo koma yosatchera. Adye ulere, azolowere. Usiku wachinayi tcherani yonse pamodzi. Misampha iwiri siikwana. Pa vuto ngati lanu pafunika 10 kapena 12, ndipo usiku woyamba wotchera ndi umene umagwira ambiri. Msampha uikidwe pamsewu uja munauona pa ufa, mopingasa, mbali ya nyambo itagunda khoma, chifukwa khoswe amayenda ndevu zake zikukhudza khoma. Ina mangirirani ndi waya pa mitanda ya denga. Nyambo yabwino ndi chiponde chopaka pang'ono, kapena mtedza wokazinga womangirira ndi ulusi kuti asangosolola n'kuthawa. Kumene kumafika nkhuku ndi ana, vindikirani msampha ndi katoni kapena beseni lakale loboola mbali ziwiri. Diwa la makolo lija, la mwala wafulati, limagwirabe ntchito bwino kuseri kwa khola. Pitirizani sabata ziwiri, mupume sabata imodzi, musinthe malo ndi nyambo, muyambirenso. Ndipo kambiranani ndi makomo oyandikana nanu kuti mutchere nthawi imodzi nonse. Mukatchera nokha, mukungokonzera malo makoswe a kuseri kwa mpanda.

Khoswe wakufa musamugwire ndi manja. Valani jumbo kumanja, mukwirireni dzenje lakuya theka la mita kuti galu asafukule. Utitiri umachoka pa mtembo ukangozizira n'kusaka magazi ena, ndipo ndi utitiri wa makoswe umene umafalitsa mliri wa plague, womwe unabukapo m'boma la Nsanje mu 2002. Mkodzo wawo umanyamula tizilombo ta leptospirosis, matenda amene amayamba ndi kutentha thupi ngati malungo. Pokolopa malo amene ankakhala, yambani mwawaza madzi a jiki kapena klorini, osasesa pouma.

Ngati patapita mwezi vuto likadali lalikulu ndipo mwaganiza zogwiritsabe ntchito mankhwala, gulani m'sitolo yovomerezeka, m'paketi yolembedwa dzina la mankhwala ndi malangizo. Kuno kwathu mankhwala otere amayenera kulembetsedwa ku Pesticides Control Board. A m'timapepala topanda dzina simungadziwe chimene chilimo, ndipo dokotala naye sangadziwe. Sankhani a mtundu wakale monga coumatetralyl kapena warfarin, amene sakhalitsa m'chiwindi ngati brodifacoum, ngakhale amafuna kuti khoswe adye masiku angapo motsatizana. Aikeni m'kati mwa nyumba basi, m'paipi yotalika masentimita 40 kapena m'bokosi lotseka lokhala ndi tibowo, mutamangirira kuti khoswe asakokere panja. M'mawa uliwonse zungulirani kutola akufa kadzidzi kapena mphaka asanawapeze, ndipo ikatha milungu itatu chotsani nyambo yonse. Mwana kapena wamkulu akameza mwangozi mankhwala alionse a makoswe, musamumwetse mkaka kapena mafuta, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Kamuzu Central Hospital mutanyamula paketi yake. Ali ndi mankhwala othetsera, atropine pa tameki ndi vitamini K1 pa oletsa magazi kuundana aja, koma pa tameki mphindi iliyonse ndi yofunika. Ndipo pa enawo munthu amaoneka bwinobwino tsiku loyamba ndi lachiwiri, musanyengeke nazo.

Pali china chokhudza ife a chigawo chapakati makamaka. Mbewa za kumunda si makoswe a m'nyumba, ndipo ife timadya. Kapuku, amene akatswiri amati Mastomys natalensis, ali ndi mawere ofika 24 ndipo amaswa ana khumi kapena kuposa ulendo umodzi. Amaswana kumapeto kwa dzinja udzu ukabereka njere, n'kuchuluka kwambiri tikakolola, nthawi yomwe anyamata amaimika mipani ya mbewa m'mbali mwa msewu wa ku Dedza ndi wa ku Salima. Wothira poizoni m'munda kapena pa mulu wa mapesi akumbukire kuti pamwamba pa mndandanda wa kudyana kuja, pambali pa kadzidzi, pali munthu.

Adani a makoswe mu Lilongwe alipo ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. M'nkhalango za m'mbali mwa Lingadzi ndi mtsinje wa Lilongwe mukadali ankhandwe, anjuzi ndi timisulu. Pa mawaya a magetsi a kunja kwa tauni mumaona kambalame kolusa kotuwa, ka mapewa akuda ndi maso ofiira, kamene kamaima malo amodzi m'malere kakukupiza mapiko. Chakudya chake chachikulu ndi mbewa. Pali njoka yofiirira ya m'nyumba, ya timizere tiwiri toyera m'mbali mwa mutu, yopanda ululu, imene imalowa mpaka kuuna n'kudya ana a makoswe pachisa. Komanso tinene zoona: mphiri ndi njoka yolavula ija nazo zimatsata makoswe omwewo, ndiye pakhomo pochuluka makoswe pamaitana njoka zoopsa. Njoka imene simukuidziwa musaiyandikire. Mukachepetsa makoswe, nazonso zimasowa chobwerera.

Za mphaka, pezani wina, koma musamuyembekezere zambiri. Amagwira timakoswe ndi ana, khoswe wamkulu amphaka ambiri amangomuyang'ana. Phindu lake lalikulu ndi fungo lake, limene limachititsa makoswe kuopa kutuluka poyera. Abayitseni katemera wa chiwewe.

Kadzidzi mungathe kumuitananso. Alimi a ku Israel anayamba kuwakhomera mabokosi m'minda mu 1983, ndipo m'minda ya kanjedza wa mafuta ku Malaysia amachitanso chimodzimodzi. Bokosi lake ndi la matabwa, pansi pake masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi, msinkhu 60. Khomo likhale la masentimita 13 mbali zonse, ndipo likhale m'mwamba, masentimita 45 kuchokera pansi pa bokosi, kuti anapiye asagwe asanamere nthenga. Boolani timabowo pansi totulutsa madzi ndi tina m'mwamba m'mbali tolowetsa mpweya, muyalemo zopalapala za matabwa zokhuthala masentimita 5. Likhomeni mamita 4 kuchokera pansi, pamthunzi, khomo litafulatira dzuwa la masana, chifukwa kutentha kwa Okutobala kumapha anapiye m'bokosi la padzuwa. Kutsogolo kwa khomo kukhale kopanda nthambi, ndipo litalikire msewu wa magalimoto othamanga. Kunena mosabisa, pakati pa Chinsapo pothithikana nyumba, ndi aneba amene anasangalala ndi imfa ya woyamba uja, bokosi lingakubweretsereni mapokoso ndipo mbalameyo ingagendedwe. Malo abwino ndi kumunda, kudimba, kapena kumpanda wa sukulu ngati aphunzitsi avomera. Litha kukhala chaka kapena ziwiri lopanda mwini, ndipo njuchi nazo zimalikonda, ndiye muziliyendera. Likalowedwa, m'dera limenelo musathirenso poizoni, apo ayi mwaitana mbalame kudzaipha. Musayembekezerenso kuti kadzidzi amaliza makoswe onse. Chilombo chodya chinzake sichimaliza chakudya chake. Chimangoletsa kuti chisasefukire. Makoswe a m'kati mwa chipinda chanu iye sawafikira, amenewo ndi a simenti, waya ndi msampha.

Mukadzapeza kadzidzi wovulala kapena wofooka, m'fundikeni ndi chitenje chokhuthala mosamala zikhadabo zake, muike m'katoni yoboola pamalo amdima, osam'patsa madzi kapena chakudya mokakamiza, ndipo dziwitsani a Lilongwe Wildlife Centre kapena a Dipatimenti ya Malo Osungira Nyama Zakutchire. Mwanapiye wa nkhope yoyera akagwa pansi makolo sam'dyetsa pamenepo, ayenera kubwezeredwa pachisa tsiku lomwelo.

Pa kalendala, muli pa nthawi yabwino. Seputembala ndi Okutobala kutchire kulibe chakudya, ndiye makoswe amadalira pakhomo ndipo nyambo ya pamsampha amaifuna. Sabata ino konzani matumba ndi khola, sabata yamawa tsekani mabowo, kenaka misampha. Ikatha milungu isanu ndi umodzi wazaninso ufa uja pamalo omwe aja. Ngati mapazi akuonekabe pa khoma limodzi lokha, tsatirani mzerewo mpaka pomwe wathera, pamenepo pali bowo limene munaliphonya, ndipo kawirikawiri limakhala pamwamba, pomwe mtanda wa denga walowa m'khoma.